Mbaula ya ku Kalingalinga yalowa m'gemu, zikomo nonse

Lachisanu lapitali ndinalandira uthenga umene ndakhala ndikuudikira kwa zaka zitatu. Kampani ina yaing'ono yakunja yopanga magemu a pakompyuta yavomereza ntchito yanga yonse, zinthu 12, ndipo ndalama zalowa. Pa zinthuzo pali mbaula, chitseko cha malata, ndowa yapulasitiki yong'aluka pakamwa, khoma la mabuloko losapaka pulasitala ndi poto wakuda wophikira nsima. Sindiloledwa kutchula dzina la gemuyo mpaka itatuluka, koma sindingadikire tsikulo kuti ndithokoze anthu amene anandinyamula.

Ambiri a inu ku Mtendere kuno ku Lusaka mumandidziwa ngati mnyamata uja woyendayenda n'kumajambula makoma a eni ndi foni. Ndiyambe ndafotokoza chimene ndinkachita, kuti zikomo wangayu amveke.

Ntchito yanga ndi kuveka zinthu khungu. Chinthu chikaumbidwa m'kompyuta chimatuluka chotuwa ngati mphika wosawotcha. Ine ndiye ndimauza kompyuta kuti apa ndi chitsulo, apa ndi dzimbiri, apa ndi phulusa, apa panasalala chifukwa cha manja. Njira imene timatsata imatchedwa PBR, ndipo mfundo yake ndi yakuti kuwala kwa m'gemu kuzichita monga kumachitira panja pano. Kale ojambula ankapenta mthunzi ndi kunyezimira pachithunzi penipeni, ndiye chinthu chinkaoneka bwino padzuwa, koma chikalowa m'chipinda chamdima bodza linkaonekera. Mu 2012 a Brent Burley a ku Disney anafotokoza njira yawo pamsonkhano wa SIGGRAPH, ndipo mu 2013 a Brian Karis a ku Epic Games anaonetsa mmene anaisinthira kuti igwire ntchito mu Unreal Engine 4, pulogalamu yopangira magemu. Mu 2017 inafika mu Blender 2.79 pansi pa dzina la Principled BSDF. Blender ndi pulogalamu youmbira zinthu m'kompyuta, ndipo ndi yaulere. Pakanapanda zimenezo, mwana wa mayi wogulitsa vitumbuwa sakanayamba n'komwe, choncho zikomo woyamba apite kwa anthu osawadziwa amene amalemba pulogalamuyi n'kuipereka kwa aliyense.

Chaka cha 2024 nonse mukuchikumbukira. Mvula inakana, madzi ku Kariba anatsika, magetsi ankabwera pakati pa usiku kwa maola ochepa. Ndinkagona nyali ili yoyatsa kuti akangobwera indidzutse. Usiku wina anabwera mwamphamvu, ndinangomva kafungo ka waya wopsa, laputopu n'kuzima. Amisiri awiri m'tauni anaitsegula, onse anapukusa mutu. Ntchito ya miyezi isanu ndi itatu inali m'menemo ndipo ndinalibe kwina kumene ndinaisunga. Kwa milungu itatu sindinkafuna kulankhula ndi munthu. Ndinayamba kufunsira ntchito yonyamula katundu kumsika wa Soweto, ndipo mumtima ndinali nditatsanzikana nazo za makompyuta.

Amayi, inu simunandifunse kuti PBR ndi chiyani, ndipo mpaka lero simunafunse. Munangoona kuti mwana wanu sakudya. Mwezi umene chilimba, gulu lija losonkherana ndalama mosinthana, chinagwera inu, ndalama zimene munkasungira malata a kukhitchini munazimanga pa chitenje n'kundiuza kuti, "Tiye m'tauni ukasankhe ina, denga lidikira." Mvula itadzabwera munaphika madzi akudontha pambali pa mbaula, mutatchera beseni. Ndinkaona, amayi, ngakhale sindinanene kanthu. Zikomo. Ndithokozenso amayi onse a m'chilimbamo, makamaka awiri amene analola kusinthana mwezi kuti ndalamazo zibwere msanga.

Laputopu imene tinagula inali yogwirapo kale ntchito, ya RAM 8 GB. Zithunzi zimene timaveka zinthu zimayenda mu miyeso ya timadontho 512, 1024, 2048 ndi 4096 mbali iliyonse, ndipo ndikayesa 4096 makinawo ankangouma. Ndinaphunzira kugwira ntchito pa 2048, zinthu zing'onozing'ono pa 1024, ndipo ndinadzazindikira kuti ndi mmenenso opanga magemu amafunira, chifukwa chithunzi chilichonse chimadya malo m'makina a wosewera. Ndowa siyenera kulemera ngati nyumba.

Achimwene a pamalo ometera pafupi ndi msika, inu munali ndi sola ndi batire, ndipo munandipatsa kampando kapakona kuseri kwa galasi. Miyezi isanu ndinakhala pamenepo, tsitsi la makasitomala likugwera pa kiyibodi, inu osandilipiritsa ngakhale ngwee imodzi. Dzuwa likachepa munkazimitsa wailesi kuti batire itifikitse madzulo tonse awiri. Zimenezo sindidzaiwala.

Koma munthu amene ndikufuna kukhalitsa pa iye ndi mdala wina wosula mbaula ku Kalingalinga, chapafupi ndi msewu wa Alick Nkhata kumene kuli akalipentala ndi owotcherera zitsulo. Sagwiritsa ntchito intaneti, ndiye mdzukulu wawo ndi amene awawerengere izi. Agogo, moni.

Kampani ija inali itandibwezera mbaula yanga yoyamba. Mkulu woona zojambula analemba mwaulemu kuti chinthucho chikuoneka ngati pulasitiki yopakidwa utoto wa chitsulo. Ndinatenga foni n'kupita kwa agogowa, ndinawaonetsa chithunzicho. Anachiyang'ana nthawi yaitali, atachitalikitsa ndi maso, kenako anati, "Mwana wanga, mbaula iyi sinaphikepo. Ndipo dzimbiri lako wangoliwaza ngati mchere." Anadzuka, anakatenga mbaula yakale imene amaotha okha m'mawa, anaiika pakati pathu. Anandionetsa ndi chala kuti dzimbiri limayambira pansi, pamene phulusa limakhala likanyowa, komanso m'mphepete mwa mabowo, pamene chitsulo chinavulala pochiboola. Pamwamba pamene pamakhala poto sipachita dzimbiri lofiira msanga, pamada ndi moto, ndipo pamene poto amakhuza pamayera. Chogwirira chimasalala pakati pokha, pamene dzanja limagwira tsiku ndi tsiku, kumapeto kwake kumakhalabe kokhakhala. Anandigwiritsa malo aliwonse nditatsinzina. Anandionetsanso timaenje ta nyundo, kuti sitimwazikana chisawawa, timatsatana mumzere mmene dzanja la wosula linkayendera pozungulira.

Tsiku limenelo ndinamvetsa zimene ndinali nditawerenga kambirimbiri osazimva. Mu PBR chinthu chimavala zithunzi zingapo zosanjikizana. Cha base color chimanena mtundu wokha, popanda mthunzi kapena kuwala. Cha metallic chimayankha funso limodzi, kodi apa ndi chitsulo chamaliseche kapena ayi, ndipo yankho limakhala 1 kapena 0. Cha roughness chimanena kukhakhala, kuyambira 0 amene ndi kusalala ngati kalilole mpaka 1 amene ndi kukhakhala ngati buloko. Ine ndinali nditaika metallic wa 0.5 pambaula yonse, poganiza kuti chitsulo chakale ndi chitsulo chatheka. Chinthu chotero kulibe. Dzimbiri si chitsulo, mwaye si chitsulo, phulusa si chitsulo, zonsezo ndi 0, ndipo chitsulo chimangosuzumira pamene zimenezi zakhuzika. Agogo sanatchule nambala ngakhale imodzi koma ndi zomwezo zimene ananena ndi chala chawo.

Pali zina zimene zinatseguka pambuyo pake. Zinthu zambiri zosakhala chitsulo, monga pulasitiki, thabwa ndi dothi, zimabweza pafupifupi 4 peresenti yokha ya kuwala ngati kunyezimira ukaziyang'ana molunjika, ndipo kunyezimirako kulibe mtundu. Chitsulo chimabweza kwambiri ndipo chimapaka kuwalako mtundu wake. N'chifukwa chake kopa wathu wa ku Copperbelt amanyezimira mofiirira, koma akachita ndere zobiriwira pamwamba, pamenepo amaleka kukhala chitsulo m'maso mwa kompyuta. Makala, kapena malasha monga timanenera kuno, si akuda bii monga timaganizira. Ukawapatsa kuda kotheratu mu base color amaoneka ngati dzenje, chifukwa ngakhale khala limabweza kuwala pang'ono. Ndipo chinthu chilichonse chimanyezimira kwambiri ukachiyang'ana chopendekera. Amene munadutsapo ku Kanyama nthawi ya mvula mukudziwa, chithaphwi cha pamapazi pako umaonamo matope, koma cha patsogolo apo umaonamo mitambo. Zimenezi zili ndi dzina la Augustin-Jean Fresnel, katswiri wa ku France, koma ine ndinaziona koyamba ndikudikira minibasi nsapato zitanyowa.

Mlongo wanga, iwe unanyamula nsalu yoyera ya pabedi la amayi n'kuitambasula pamwamba pa khoma la aneba kuti dzuwa lisagwe molunjika pamene ndikujambula. Chithunzi cha base color chimafuna kuwala kofatsa kopanda mthunzi, ndiye tinkadikira mitambo ya mu Januwale, ndipo ikakana unkaimirira manja ali m'mwamba mpaka kunjenjemera. Khoma la mabuloko limene lavomerezedwa lija ndi lako. Zikomonso kwa amayi eni nyumba imene ili ndi chitseko cha malata, amene poyamba munaganiza kuti ndatumidwa ndi akuba, koma nditafotokoza munanditulutsira mpando ndi madzi akumwa.

Pali mayi wina pagulu lina la pa Discord, malo ochezera a pa intaneti, amene sindinamuonepo nkhope, ndimangodziwa kuti amakhala kutali kumene kumacha ife tikugona. Nditatumiza mbaula yachiwiri, timaenje ta nyundo tija tinkaoneka totukuka m'malo molowa mkati. Ndinavutika nazo masiku anayi. Iye anangoyang'ana kamodzi n'kundiuza kuti vuto lili pa normal map, chithunzi cha buluu wofiirira chija chimene chimanamiza kuwala kuti pali mabampu pomwe pali posalala. Blender imatsata kalembedwe ka OpenGL pamene Unreal imatsata ka DirectX, ndipo ziwirizi zimasemphana pa mbali yobiriwira ya chithunzicho, ina imaloza kumwamba ina pansi. Kungotembenuza mbali imeneyo, nyundo ya agogo inabwerera m'malo mwake. Anandikumbutsanso kuti base color yokha ndiyo imawerengedwa ngati sRGB, kutanthauza ngati mitundu yooneka ndi maso, koma roughness, metallic ndi normal ndi manambala chabe, ukaziwerenga ngati mitundu chinthu chimanyezimira molakwika. Ndi iyenso amene anandiphunzitsa kulongedza zithunzi zitatu m'chimodzi, occlusion (mdima wa m'makona) kofiira, roughness kobiriwira, metallic kwa buluu, monga mmene zimakhalira mu glTF 2.0, mtundu wa fayilo wa bungwe la Khronos. Anakhala nane maola awiri usiku umenewo, osafuna kalikonse. Mayi, ngati wina angakumasulireni mawu awa, dziwani kuti ku Lusaka kuli banja limene limakutchulani popemphera.

Ndithokozenso a Poly Haven, tsamba limene anayambitsa a Greg Zaal a ku South Africa ndi anzawo, kumene zithunzi za kuwala kwa malo osiyanasiyana zimapezeka mwaulere. Ndinkayesa mbaula padzuwa la masana, m'chipinda chamdima ndi pakulowa kwa dzuwa. Ikaoneka yoona konseko osasintha kanthu, ndiye kuti yapsa. Substance Painter, pulogalamu yopentera zinthuzi imene inapangidwa ndi a Allegorithmic a ku France ndipo a Adobe anaigula mu 2019, sindikanatha kuilipira nthawi imeneyo, choncho zonse 12 ndinazipenta mu Blender. Zinatenga nthawi yaitali koma ndinadziwa chifukwa cha kadontho kalikonse.

Mkulu woona zojambula uja nayenso ndimuthokoze. Anandibwezera ntchito katatu. Akanatha kungopeza munthu wina, koma ulendo uliwonse ankazunguliza malo olakwika ndi mzere wofiira n'kulemba chifukwa chake. Ulendo wachinayi anangofunsa kuti chinthu ichi chimatchedwa chiyani kwanu, ndipo m'mafayilo a gemuyo chalembedwa kuti mbaula.

Amalume ku Chipata, tinasemphana mawu pamene munanena kuti ndisiye zamasewera ndibwere kudzathandiza kumunda. Ndikudziwa kuti munkanena chifukwa choopa kuti ndivutika. Koma ndinu nomwe amene munatumiza thumba la nshawa ndi ufa pa basi ya ku Intercity mwezi umene tinalibe kalikonse m'nyumba. Zikomo, amalume. Ndibwera pa Khirisimasi ndi laputopu kuti mudzaone nokha.

Ndalama zoyambazi ndagawa motere. Malata a kukhitchini agulidwa, afika Lachiwiri, ndipo mmisiri wapezeka kale. Ndagula hadi disiki yapadera ndi kachipangizo koteteza magetsi akabwera mwamphamvu, ndipo tsopano ntchito iliyonse imagona malo atatu. Achimwene a kometera, batire yanu yatopa chifukwa cha ine, ndawonjezerapo theka la mtengo wa yatsopano ndipo musakane. Dzulo ndinapita ku Kalingalinga kukagula mbaula yatsopano kwa agogo. Ndinawaonetsa yomaliza ija pafoni, ikuzungulira, makala akuyaka mkati. Anaiyang'ana ataitalikitsa monga tsiku loyamba lija, anaika chala pa chogwirira, anati, "Iyi yaphikapo."

Kuyambira Loweruka likubwerali ndizikhala pamalo ometera paja kuyambira 14 koloko. Achimwene avomera kuti pakona paja pangakwane anthu atatu. Ngati muli ndi mwana, mtsikana kapena mnyamata, amene amakonda kujambula ndipo akufuna kuona mmene zimenezi zimachitikira, mutumizeni, sindilipiritsa. Laputopu ndi imodzi, tizisinthana. Tsiku loyamba sititsegula kompyuta, tidzapita kwa agogo ku Kalingalinga, ndipo aliyense abwere ndi chinthu chimodzi chakale cha kunyumba kwawo, kaya supuni, kaya loko, kaya chivundikiro cha poto.