Mapepala onyezimira andidyera masiku 4

Chokoleka pakhoma choluka ndi mapepala okulungira mphatso chimene ndinayamba mu May chatha dzulo usiku, koma Lachiwiri ndinatsala pang'ono kuchiponya pa mbaula.

Mapepala sanandivute kupeza. Pa bridal shower ya mwana wa achemwali ndinapempha kuti okulungira mphatso asatayidwe, ndipo ndinabwerako ndi jumbo yodzaza. Kupatula agolide, ena onse ndinachita monga mwa masiku onse: kusita ndi nsimbi yofunda chabe nsalu ili pamwamba, kudula timizere ta masentimita 4, kukulunga mopendeketsa pa sipoko ya njinga, kadontho ka guluu wa matabwa kunsonga, kusolola sipoko, kenako kuphwatalitsa ndi botolo. Pa chimango cholukirapo pali misomali 40 m'mwamba ndi 40 m'munsi, yotalikirana sentimita imodzi, ulusi wake wa thonje.

Tsoka linabwera ndi mapepala agolide, omwe ndinkafuna akhale mzere wapakati. Ndinakulunga timachubu 30, ndinaluka bwinobwino, m'mawa ndikudzuka ndinapeza theka tamasuka, nsonga zili njo ngati nthenga za nkhuku yonyowa. Ndinanamizira chiperoni, poti sabata yonseyo kuno ku Blantyre kunali kamvula kowaza ndipo guluu amachedwa kuuma kukakhala chinyezi. Ndinamatanso n'kuyanika pafupi ndi moto. Zomwezo. Ndinapana ndi mapegi usiku wonse, mapegi anangosiya zipsera. Tsiku lachitatu ndinakwecha pomatapo ndi sandipepa, golide yense n'kuchoka, kutsala zoyererako ngati zikanga.

Kunena zoona, agolide aja si mapepala konse. Ndi kapulasitiki kopakidwa zonyezimira, ndipo guluu wa matabwa amagwira pokhapokha akalowerera m'kati mwa chinthu, madzi ake n'kuuma. Pa pulasitiki alowera pati? Ndikanafinya m'manja poyamba pomwe ndikanadziwa: pepala lenileni limakhala lokwinyika, ili limadziwongola lokha.

Chinandipulumutsa ndi makina osokera a mayi. Ndinasiya zokulunga, ndinapinda kamzere kalikonse patatu, m'kati muli kanyuzipepala kolimbitsa, n'kusoka pakati. Msoko ukhale wautali, wa mamilimita 4. Poyamba ndinasoka waufupi ndipo mzere unang'ambika motsata timabowo ngati lisiti. Singano mugwiritse yakale, mapepala amabunthitsa msanga.

Ulusi wa thonje uja ndimagula kwa bambo wina mu msika wa Limbe, ndipo amandisungira wokhuthala chifukwa wopyapyala umacheka pepala ukakunga kwambiri. Ndi iwo anandiuza za vanishi wosungunula ndi madzi nthawi ija ndinkaluka timphasa toikapo mbale, titasanduka tachikasu ndi vanishi wa mipando. Tiwiri tidakalipo, tikugwira ntchito pansi pa miphika ya maluwa.

M'mbali mwa chokolekacho mwapindikira m'kati pang'ono cha pakatikati, pamene ndinkakoka ndili wokwiya, koma ndakoleka uko kulibe dzuwa kuti zofiira zisasuluke, ndipo mlendo sangazindikire.

Tsopano ndikulota chachikulu cha mamita 2, chodzaza khoma la kuseri kwa sofa, mwina chokhala ndi phiri la Mulanje ngati ndingapeze obiriwira okwanira. Chimango choterocho ndilibe, ndipo pa khomo la kuchipinda sichingatuluke. Ndiona akadutsa maukwati a October.