Photoshop Ikamachedwa pa Laputopu Yanu

Yambani ndi RAM, memory yomwe kompyuta imagwiritsa ntchito mapulogalamu akamayenda. 8 GB imachepa mukatsegula zithunzi za RAW (zosakonzedwa, monga zachokera mu kamera) zokhala ndi maleya ambiri. 16 GB ndiyo yabwinoko. RAM ikadzaza, Photoshop imayamba kulemba pa scratch disk (malo a pa diski omwe imasungapo zinthu mongoyembekezera), ndipo diskiyo ikakhala HDD yakale ija, burashi imatsalira m'mbuyo mwa mbewa. Ikani SSD, diski yothamanga kuposa HDD, muisiyire malo osachepera 50 GB.

Mu Preferences, pa Performance, kwezani memory yomwe Photoshop imaloledwa kugwiritsa ntchito kuchoka pa 70% kufika 80%, osapitirira 85%. History States (masitepe omwe mungabwerere nawo m'mbuyo mukalakwitsa) muwatsitse kuchoka pa 50 kufika 20.

Chomwe ambiri amaiwala ndi kutentha. Fumbi likatseka fani, purosesa imadzichepetsera yokha liwiro kuti isapse. Pukutani fumbilo, musaike laputopu pabedi, ndipo muzigwira ntchito chaja ili yolumikiza, chifukwa pabatire makina amaumira mphamvu.