Lupanga la Mfumu Arthur ndi anyamata a ku Kapata

Mfumu Arthur, wa m'nthano zakale za ku Britain, ndinayamba kumudziwa ndili mnyamata, m'kachipinda koonetseramo vidiyo pafupi ndi msika wa Kapata kuno ku Chipata, momwe tinkapanikizana pa mabenchi, mawindo atatchingidwa ndi masaka kuti kuwala kusalowe. Anthu a m'filimu akayamba kukambirana kwa nthawi yaitali, tinkakuwa kuti mwini malo athamangitse tepi mpaka pamene malupanga ayambirenso kulira. Lero ndikamaonera mafilimu a ankhondo apakavalo a ku Ulaya wakale, ndimaona ngati opanga ake ambiri anamva kukuwa kwathu kuja n'kutimvera.

Sindiwadzudzula chifukwa chosintha nthano, pakuti nthanoyi sinakhalepo ndi mwini mmodzi. Geoffrey wa ku Monmouth anailemba m'Chilatini cha m'ma 1130, ndipo Lancelot, yemwe lero timamutenga ngati dzanja lamanja la Arthur, m'bukulo mulibemo. Nkhani ya chikondi cha Lancelot ndi Mfumukazi Guinevere, mkazi wa Arthur, inabwera patapita zaka makumi angapo, kuchokera kwa Chrétien de Troyes wa ku France. Zimene Thomas Malory anasonkhanitsa, n'kusindikizidwa ndi William Caxton mu 1485, zinali zitadutsa kale m'manja ambiri. Ngakhale zovala zachitsulo zophimba thupi lonse, zimene timazikonda zikamanyezimira, ndi za m'ma 1400, pomwe nkhondo za Arthur zimayikidwa cha m'ma 500. Agogo athu nawonso ankawonjezera mchere pofotokoza za Zwangendaba powoloka Zambezi mu 1835, ndipo palibe ankawaletsa.

Chimene chimandipweteka ndi chimene amachotsa. Kwa Malory, ufumu wa Arthur sugwa chifukwa cha mdani wochokera kutali. Ugwa chifukwa anthu amene analumbira pa tebulo limodzi lozungulira, lopanda mpando wapamwamba, adyerana kuseri: bwenzi latenga mkazi wa mfumu, abale ake a msilikali Gawain aphedwa ndi Lancelot yemweyo, ndipo Mordred, mwana wa mfumu, walanda ufumu bambo ake ali ku nkhondo. Nkhani yotere imafuna kudekha, ndipo filimu yankhondo kudekha imakuopa. Filimu ya First Knight ya 1995 inachotsa Merlin, mlangizi wamatsenga wa mfumu, ndi Mordred n'kusiya mdani mmodzi woonekeratu, Malagant, kuti woonera asavutike kusankha mbali. Ya Guy Ritchie ya 2017 inayamba ndi njovu zazikulu ngati mapiri, n'kumusandutsa Arthur mnyamata wa m'misewu ya Londinium (London wakale) wodziwa nkhonya. Ndinasangalala nayo usiku umodzi, koma kutacha panalibe munthu wa m'menemo amene ndinkamuganizirabe.

Pali kachigawo kamodzi kamene ndimayesera nako filimu iliyonse. Arthur atavulala kotsiriza, atuma msilikali wake Bedivere kukaponya lupanga lake m'madzi. Bedivere ayang'ana miyala yamtengo wapatali ya pachigwiriro, mtima umukanika, alibisa pansi pa mtengo, n'kubwerera kukanama kuti waponya. Mfumu imufunsa chimene waona, iye ayankha kuti madzi ndi mphepo basi, ndipo pomwepo idziwa kuti wanama. Achita zimenezi kawiri. Kachitatu aponyadi, dzanja lituluka m'madzi, ligwira lupangalo, liligwedeza katatu n'kumira nalo. Palibe amene akumenyana pamenepo. Pali mtumiki wokhulupirika amene wagonja ndi chinthu chonyezimira mbuye wake akutsirizika. John Boorman, mu Excalibur ya 1981, anasunga kachigawoka ngakhale ntchitoyo anaipereka kwa msilikali wina, Perceval, ndipo n'chifukwa chake filimuyo ndimaikhululukira phokoso lake lonse.

Mwezi watha ndinaionetsa mphwanga pa laputopu. Titafika pa Perceval ataima m'mphepete mwa madzi, lupanga lili m'manja, ndinaona chala chake chikusendera ku batani lothamangitsira, ndipo ndinamugwira dzanja.