Lipoti la ulendo wa ku Liwonde, ndi nkhani ya chipembere cha ankolo

Anzanga a mu gulu lathu la ojambula ndi osema, lipoti lija mwakhala mukundifunsa pa WhatsApp ndi ili. Ndalemba mmene ndinaonera ine, amene ali ndi zowonjezera adzanene pa msonkhano. Inu amene simunapite chifukwa cha maliro a ku Malindi aja tinakukumbukirani, ndipo katundu wanu tinanyamula yense palibe chinatsala.

Tinapangana 5 koloko m'mawa pa nsanja ya wotchi pafupi ndi buliji pa Mangochi paja, koma tinanyamuka cha m'ma 7 chifukwa a Tcheya anali atabwerera kunyumba kukatenga chikwangwani cha gulu, ndiye atafika nkupezeka kuti atenga chakale chija cholakwika sipelo. Tinalipo anthu 14, zojambula zokulunga m'zitenje, ziboliboli m'makatoni a sopo, mabangili ndi ndolo za atsikana a ku Chembe mu chidebe, kenako chipembere cha ankolo. Nonse mukuchidziwa, miyezi iwiri akusema pansi pa mtengo wa mango kwawo, thabwa lake la mbawa ija inagwa yokha ndi mphepo, poti lamulo lathu lokana phingo lodula dala ankolo ndi amene analibweretsa. Chipemberecho kutalika kwake ngati mbuzi yaing'ono, chopaka polishi mpaka kumawala, ndipo tonse tinkadziwa kuti ndalama yeniyeni ya ulendowu ili pamenepo. Anachikulunga m'bulangete lawo logonera nkuchiika mu saka, ndipo anati akhala nacho pamiyendo, koma kondakitala anakana kuti malo palibe, chinapita kumbuyo.

Tayenda bwinobwino mu M3, nyanja ya Malombe ikuonekera kumanzere, amayi athu a thumba ayambitsa nyimbo, ndiye tisanafike pa Ulongwe tinangomva phuu! tayala lakumbuyo. Dalaivala anaigwira bwino minibasi, pamenepo tisamunamizire, palibe anavulala. Vuto linali lakuti sipeya inali pansi pa katundu yense, ndiye tinayamba kutsitsa chimodzichimodzi m'mbali mwa msewu dzuwa litayamba kale kuswa mtengo. Jeke nayo inali yoperewera mpaka tinakafuna miyala. M'chipwirikiti chimenecho wina anaimika saka lija chadodolido, mutu pansi, ndipo wina anasanjikapo katoni ya njovu zazing'ono. Ankolo atamasula bulangete kuti angoona, nyanga yakutsogolo inali payokha.

Abale, kunali zii. Kenako phokoso. Mnyamata wa ku Namwera akuti si ine ndinapeza lili choncho, kondakitala akuti ine ndinangolandira, a Tcheya akuti ndinanena kuti tipeze galimoto ya kumbuyo kotseguka simunandimvere, asungichuma akuti ya kumbuyo kotsegukayo mukanalipira ndi chani poti theka la gulu silinapereke ya transipoti mpaka dzulo usiku. Pamenepo nkhani inachoka pa nyanga inapita pa ngongole za chaka chatha, mpaka ana ogulitsa mango anasiya malonda nkumationerera. Ankolo okha sanayankhule. Anakhala pa mwala, nyanga m'dzanja, akuitembenuza, kenako anandiitana nkuti mwanangu kwera kabaza ukagule guluu pa Ulongwe, wa timachubu uja, awiri. Nditabwera ndinapeza apala kale utuchi kunsi kwa phazi la chibolibolicho ndi kampeni kawo, anasakaniza ndi guluu pa chivindikiro cha botolo, nkumata, nkugwira osasuntha mpaka tayala linatha kumangidwa. Atapaka polishi ndi chala mzere unatsala ngati tsitsi limodzi basi. Amene anasanjika katoni sanadziwike mpaka lero, ndipo ankolo anati nkhani imeneyo ithere pa Ulongwe pompo, ndiye chonde isadzukenso mu gulupu.

Tinafika pa Liwonde masana, tinaoloka pa baraji, nkukatsitsa katundu pa loji ija inatilola kuyala pa khonde. Tisanayale tinalowa kaye mu paki monga mwa pulogalamu, ndipo bambo wa gemu amene anatiperekeza anatiphunzitsa zambiri, ndilembe mwachidule poti alembi ali nazo mu kope. Pakiyi kuyambira 2015 ikuyendetsedwa ndi bungwe la African Parks mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, ndipo mu 2018 anawonjezerapo nkhalango yathu ya Mangochi, ndiye tisamaone ngati ndi zakutali. Anamanga mpanda wamagetsi ndipo achotsa misampha ya waya masauzandemasauzande. Ma cheetah anawabweretsa mu 2017, mikango mu 2018, zipembere zakuda 17 zochokera ku South Africa mu 2019, mimbulu mu 2021. Njovu zinachuluka mpaka zina anazisamutsira ku Nkhotakota mu 2016 ndi 2017, ndipo mu 2022 njovu 263 zinapita ku Kasungu. Anatikumbutsanso kuti kuchokera mu 2017 lamulo linakhwima, wopezeka ndi minyanga kapena ngaka atha kukagwira ukaidi mpaka zaka 30.

Koma chimene chinandikhudza ine si manambalawo. Tinaona njovu zikumwa m'mbali mwa Shire, mvuu zosawerengeka, ng'ona zitayasamula pa mchenga, nswala, njiri zikudya chogwada, nkhwazi pa mtengo wouma, ndipo theka la ife kanali koyamba kuona njovu ndi maso ngakhale tajambula njovu zaka ndi zaka. Mnyamata wa ku Namwera amene amajambula njovu zosalala ngati zasamba ndi mafuta anangoti kakasi kuona makwinya ndi fumbi lofiira pamsana, mpaka anaiwala kujambula pa foni. Chipembere sitinachione, a gemu anati chimabisala m'zitsamba zowirira ndipo alendo ambiri amabwerera osachiona. Koma anaimitsa galimoto pena pake m'nkhalango ya tsanya natisonyeza mulu wa ndowe zake, anatola pang'ono nkufikisa m'dzanja, mkati muli timitengo tating'ono ngati machesi, tonse todulidwa mopendeka mofanana ngati wina wadula ndi mpeni. Anati chakuda sichidya udzu ayi, chimabudula nsonga za zitsamba, nchifukwa chake mlomo wake wam'mwamba ndi wosongoka wopindikira pansi ngati kachala kogwirira. Cha mlomo wotambalala ngati fosholo ndi choyera, chodya udzu, ndipo chimenecho ku Malawi kuno kulibe.

Ndinayang'ana ankolo, iwonso anayang'ana pansi. Chipembere chawo chili ndi mlomo wa fosholo. Anachitengera pa kalendala ija ya ku Joni imene inali pa khoma la shopu zaka zonsezi, ndipo si iwo okha, zipembere zonse zimene tajambula ife gulu lonse ndi za pa kalendala imeneyo. Takhala tikuuza alendo kuti gulani mupulumutse chipembere cha ku Liwonde pamene tikuwagulitsa cha eni ake. Zinandiwawa kwambiri, poti zipembere zathu zinatheratu m'dziko muno ndi opha nyama mpaka mu 1993 pamene anabweretsa ziwiri zoyamba kuchokera ku Kruger, ndiye ife ojambula nafenso tinali titaiwala nkhope yake. A gemu ataona chibolibolicho pa khonde sanafune kuwachititsa manyazi akuluakulu, anangoti bambo dzanja muli nalo, koma mlendo uyu ndi wa kutsidya. Ankolo anaseka pang'ono nkuchiphimbanso ndi bulangete, sanachiyale tsiku limenelo.

Malonda a madzulo anayenda ndithu. Zojambula za mbuna za asisi athu a ku Phirilongwe zinatha zonse zinayi, mzungu wina wachizimayi anazindikira kuti ndi nsomba za ku Cape Maclear anati anasambira nazo sabata yatha, ndipo anafunsa mafunso mpaka Chingerezi cha alembi chinagwira ntchito yake. Ngaka zing'onozing'ono za achimwene a ku Monkey Bay zinagulidwa ndi a Malawi anzathu ochokera ku Blantyre, zimene zinatisangalatsa poti timangoganiza kuti ogula ndi azungu okha. Mmodzi anati sankadziwa nkomwe kuti ngaka ikamva mantha imadzipinda ngati mpira ndiye munthu amangoitola, nchifukwa chake ikutha msanga. Anagula ziwiri, analipira pa foni.

Tsopano za nsima. Amayi athu a thumba ananyamula ufa woyera, chambo chowamba, utaka ndi chigwada chotendera, ndipo anaphika kuseri kwa malo amene tinagona, nkhuni tinachita kugula. Nsima inali yabwino zedi, ya mtanda waukulu, koma ndiwo zinayamba kuchepa chifukwa dalaivala ndi kondakitala sitinawawerengere, ndiye mitu ya chambo inagawidwa ndi a Tcheya okha pamaso pa mboni. Achimwene a ku Monkey Bay mutu wanu uja mwaulandira, musadzanenenso kuti munamanidwa ngati za ku Zomba zija. Tili mkati mwa kudya asungichuma anakumbutsa za pangano lathu loti pa chilichonse chogulitsidwa gawo limodzi mwa magawo atatu lipite ku thumba lothandizira nyama zakutchire, ndipo mpamene asisi a ku Phirilongwe anaika mbale pansi.

Anati ine zanga zagulidwa zonse ndiye ndalama yambiri mu thumbalo ndi yanga, koma ndiuzeni ikukathandiza ndani. Anati inu mwaona njovu lero mukuti zokongola, ine ndinakulira nazo, tinkagona pa msanja kumunda tikuimba zitini usiku wonse, m'mawa chimanga palibe, ndipo m'mudzi mwathu tinaika maliro a munthu wopondedwa ndi njovu. Anati pamene ankazinyamula njovu 83 zija mu 2009 kupita nazo ku Majete amayi anga analulutira, ndiye musandiuze kuti ndizikonda njovu kuposa anthu. Nonse mukudziwa kuti asisi sajambula njovu, ambiri tinkangoti mwina zimawavuta, chifukwa chake tinachimva usiku umenewo. Mnyamata wa ku Namwera anayankha mothamanga kuti popanda njovu alendo sabwera ndipo ife sitigulitsa, mawu ake anali oona koma kanenedwe kanali kolakwika, ndipo a Tcheya anamuuza kuti apepese kaye kwa akulu ake asanapitirize. Anapepesa.

Tinakambirana mpaka moto unazima. Ena amati ndalama tipereke ku paki, ena amati ku Lilongwe kumene amasamalira ngaka zolandidwa kwa ozembetsa, ena amati tigule penti kaye gulu likule. Ine ndinali mbali ya asisi ndipo ndikadali komweko, chifukwa misampha ija saitchera ndi alendo, amaitchera ndi munthu wa pafupi ndi mpanda amene sanaonepo phindu la nyama. Pomaliza tinagwirizana kuti ndalama ya ulendo uno ilipirire ana a kalabu ya zachilengedwe pa sukulu ina ya pulayimale yoyandikana ndi mpanda kuti akalowe mu paki, ndipo tiwagulire mapensulo ndi mapepala akajambule zimene aona. Asisi anavomera koma anati apita nawo okha anawo, ndipo palibe anatsutsa.

Usiku ndinadzuka cha m'ma 2 ndinamva kuti kwe kwe kwe panja. Ankolo ali pa mkeka, tochi ya foni ailuma pakamwa, chipembere pakati pa miyendo, akusema mlomo ndi tchizulo chaching'ono chija amayenda nacho m'thumba la jekete. Ndinawagwirira foni. Anachepetsa mbali zonse ziwiri pang'onopang'ono, nkusiya kansonga pakati kopindikira pansi, ndipo ankangofunsa kuti mwanangu a gemu anati ngati kachala eti. Mutu unatsala wautalibe ngati wa choyera, pamenepo sakanachitira mwina, iwonso ananena okha. M'mawa bambo wina anachifuna ndipo mtengo anatchula wabwino, koma ankolo anamuonetsa mzere wa guluu pa nyanga namuuzanso za mutuwo, nkuti ichi sichigulitsidwa, bwerani pakatha miyezi itatu mudzapeza chenicheni. Asungichuma anatsala pang'ono kulira. Tabwera nacho, chili ku shopu pamwamba pa shelefu, ndipo kalendala ija yatsitsidwa.

Zikomo amayi athu a thumba chifukwa cha nsima ndi thobwa la pobwerera, a Tcheya chifukwa chogwira gulu pa Ulongwe paja, alembi chifukwa cha Chingerezi, atsikana a ku Chembe amene anayala ndi kulongedza katundu wa ena osadandaula, bambo wa gemu, eni loji, ndi dalaivala wathu. Masamu onse awerenga asungichuma Loweruka likubwerali 2 koloko malo omwe aja, ndipo amene simunamalize ya transipoti mubwere nayo. Alembi mubweretse zithunzi za chipembere chakuda zimene a gemu anakutumizirani, tisindikize zikuluzikulu aliyense atenge chake. Chidebe chobiriwira cha ndolo chinatsala mu minibasi, amene ali ndi nambala ya kondakitala ayimbe lero.