Loweruka la fumbi ndi zimbale za amalume

Lero ndadzuka ndi ntchito yomwe ndakhala ndikuizemba. Amayi anati tichotse katundu m'chipinda cha malemu amalume mvula isanayambe, poti denga limadontha. Pansi pa bedi ndinapeza katoni ya zimbale zakuda za galamafoni zomwe amalume anabwera nazo kuchokera ku Joni nthawi ya Wenela. Pambali pake panali kachikwama ka ma CD a msuweni wanga.

Zimbale zisanu zomwe zinagonekedwa pamwamba zapindika ngati chiwaya. Pulasitiki wake sagwirizana ndi kutentha, ndiye taganizani dzuwa la Okutobala pa malata, chaka ndi chaka. Zomwe zinaimikidwa chilili m'makava ake zili bwinobwino.

Masana ndinanyamula zitatu kupita nazo kwa bambo wina wokonza mawailesi ku Limbe, amene amasungabe makina oimbira zimbale. Anachigwira chimodzi m'mphepete mokha, osakhudza mizere, nachipukuta ndi kansalu kofewa.

"Achimwene, fumbi ndiye mdani wa zimenezi," anatero. "Likakhala m'mizeremu limadya singano, singanoyo n'kudyanso chimbale."

Atatsitsa singano kunayamba kuthetheka ngati chimanga chokazinga, kenako gitala n'kulowa. Sindinama, thupi linachita tsemwe. Koma tisanafike patali nyimbo zinatha. Chimbale chachikulu chimazungulira ka 33 ndi pang'ono pa mphindi, ndipo mbali imodzi imangotenga mphindi 20 kapena kupitirirako pang'ono, basi udzuke ukatembenuze. Tizimbale tating'ono tozungulira ka 45 pa mphindi ndiye nyimbo imodzi mbali iliyonse. Munthu wochapa kapena wophika sangazikwanitse zimenezi. Ukafuna nyimbo yachitatu uyenera kunyamula singano ndi dzanja n'kuitera pamalo pake, ndipo dzanja likanjenjemera wakala chimbale. Bamboyo anandiuzanso kuti singano ndi lamba wa makinawo amachita kuitanitsa kunja.

Madzulo ndinayesa ma CD aja m'kawailesi ka kunyumba. Apa zinthu n'zofewa. Kachimbale ka masentimita 12, kamene a Sony ndi a Philips anatulutsa mu 1982, kamanyamula nyimbo za mphindi pafupifupi 80, ndipo kamawerengedwa ndi kuwala kwa laser, palibe chokakhudza, choncho sikaperepeseka ngakhale ukaimbe tsiku lonse. Kuthetheka kulibe. Nyimbo yosakusangalatsa, dinani batani, yapita. Makumi awiri amalowa m'kachikwama kamodzi, pamene katoni ya amalume inandithyola msana.

Komabe pa khumi omwe ndinayesa, anayi anakana. Awiri anali okalika, amangobwereza liwu limodzi ngati wachibwibwi mpaka ndinazimitsa. Enawo anali ootchetsa pamsika, utoto wapamwamba wayamba kusupuka, ndipo nyimbo zimakhala pansi penipeni pa utotowo, ukachoka zapita. Chimbale chakuda chikakalika chimangoti "tha, tha" n'kumapitirira, chikakakamira umakankha singano pang'ono. Cha zaka zoposa 50 chaimba lero, CD ya dzanadzanali yakanika.

Ndamva kuti ku America mu 2022 zimbale zakudazi zinagulidwa zambiri kuposa ma CD, koyamba chichokere 1987. Iwo ali ndi masitolo a singano. Ine zomvera tsiku ndi tsiku ndikhalabe pa CD ndi foni.

Chomwe CD ilibe ndi kava yaikulu ngati ya chimbale chakuda. Amayi anatenga imodzi yaikulu ija, nayang'anitsitsa chithunzi chake, kenako anaona dzina la amalume lolembedwa ndi bolopeni pakona. Anakhala chete nthawi ndithu, n'kufunsa kuti, "Kodi makinawo sangatibwereke Lamulungu?"

Katoni ndaiimika kuchipinda kwanga, kutali ndi windo. Mawa tikaweruka kutchalitchi ndikawapempha bambo aja, ndipo ndikafunsenso mtengo wa singano.