Sabata ya masamba pa njanji ya ku Bury

Novembala akafika kuno ku Manchester, ife madalaivala a tram, tisitima tamagetsi tonyamula anthu m'tauni, timadziwa kuti tsamba ndiye mdani. Sabata yathayi ndinali pa shifiti ya m'mbandakucha, kuchoka ku depoti ya Queens Road kuloza ku Bury, ndipo Lolemba lomwelo, nditangodutsa Prestwich, ndinamva mawilo akutsetsereka. Masamba akanyowa pa njanji, chitsulo chimawapera mpaka kusanduka phala lakuda loterera ngati therere. Tram imathira mchenga kutsogolo kwa mawilo, komabe chachikulu ndi dzanja la dalaivala: buleki umayamba kuigwira ukadali patali, pang'onopang'ono, kuti anthu amene aimirira kumbuyoko asagwerane.

Mitengo yonseyi ilipo chifukwa njanjiyi poyamba inali ya sitima. Kuyambira 1916 munkayenda sitima zamagetsi zokoka mphamvu ku chitsulo chachitatu cha m'mbali mwa njanji. Anaitseka mu 1991, n'kumangirira waya m'mwamba, ndipo pa 6 Epulo 1992 ma tram a Metrolink, lomwe ndi dzina la ma tram a ku Manchester, anayamba kunyamula anthu. Mapulatifomu aatali a masiteshoni akale anawasiya momwemo, n'chifukwa chake tram zathu zachikasu ndi zokwera msinkhu, ndipo ngakhale pakati pa tauni anachita kumanga malo okwerera okwezeka. Ena amati zimenezi zimaipitsa msewu. Ine ndimaona mayi wokankha kangolo ka mwana akungolowa osanyamula kanthu, ndipo ndimati anaganiza bwino.

Chimene chimatopetsa mutu ndi ichi: njanji ndi imodzi koma makhalidwe ake ndi awiri. Ku Radcliffe kapena ku Heaton Park uli wekha, mpanda uku ndi uku, liwiro lili bwino. Ukangotuluka pa siteshoni ya Victoria kukwera ku Shudehill, walowa m'misewu ya pakati pa tauni, wasanduka mnzawo wa mabasi, njinga ndi anthu oyenda pansi. Lachitatu pa Market Street mnyamata wina, maso pa foni, makutu atatseka, anaponda njanji ine ndili pafupi. Ndinali nditamuona kale mayendedwe ake, dzanja lili pa buleki. Ndinaliza hutala, iye anadumphira kumbuyo. Tram siikhota kuti izembe munthu. Mtima unagunda mpaka pa Piccadilly Gardens.

Lachinayi kunagwa mvula basi, palibe chonena.

Lachisanu ndi Loweruka ndi masiku a msika ku Bury, ndipo ndimawakonda. Agogo amakwera ndi zikwama zodzaza, ndiye umadikira kaye, kuyang'ana pa sikirini kuti womaliza walowadi usanatseke zitseko. Mphindi imene yatayika pamenepo sindiithamangitsa pa njanji yonyowa. Bola kufika mochedwa pang'ono.

Pa ndandanda ya sabata yamawa andiika ku Altrincham. Nayonso inali njanji ya sitima, ndipo anzanga akuti masamba kumeneko sanathe kugwa.