Zikomo kwa abale a mu Mzuzu amene munatisunga pa nthawi ya mliri

Katundu wathu wamangidwa kale, ndipo Mulungu akalola, Lolemba m'mawa tinyamuka muno mu Mzuzu kubwerera ku utumiki wathu m'chigawo cha Niassa ku Mozambique. Ine ndi akazi anga taona kuti si bwino kuchoka mwakachetechete, chifukwa anthu amene mwatisenza pa miyezi 15 yapitayi ndinu ambiri kuposa makomo amene tingathe kugogoda m'masiku atsalawa, komanso malamulo a mliri wa Covid-19 a chaka chino cha 2021 sakutilola kukusonkhanitsani pamalo amodzi. Mayina sinditchula, popeza ambiri mwa inu munatithandiza mobisa ndipo simungakondwe kuonekera poyera, koma aliyense adzizindikira yekha powerenga.

Tinafika kuno kumayambiriro kwa Febuluwale 2020, titatha zaka zinayi m'mudzi wina wa Ayao pakati pa Mandimba ndi Lichinga. Mpingo umene unatituma uli ndi dongosolo lakuti mmishonale akatumikira zaka zinayi abwere kwawo kwa miyezi itatu. Anthu amati ndi tchuthi, koma kupuma kumakhala kochepa, chifukwa ndiyo nthawi yoyendera mipingo imene imatithandiza, kuifotokozera mmene ntchito ikuyendera, kusonkhetsa chithandizo cha zaka zotsatira, kuonana ndi adokotala, ndiponso kuti ana adziwane ndi agogo awo. Tinali ndi mndandanda wa mipingo 14, kuyambira ku Chibavi ndi ku Katoto mpaka ku Ekwendeni, Rumphi ndi Nkhata Bay, koma tinangofika pa mipingo isanu. Pa 20 Malichi Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti dziko lili pa ngozi, misonkhano ya anthu oposa 100 inaletsedwa, ndipo sukulu zinatsekedwa pa 23 Malichi. Pa 1 Epulo dziko la Mozambique nalo linakhwimitsa malamulo ake, ndipo mawa lake boma lathu linalengeza za anthu atatu oyamba kupezeka ndi Covid-19 ku Lilongwe. Chipata cha m'malire cha Chiponde, chimene tinadutsapo milungu ingapo m'mbuyomo tikuseka ndi ana, chinatsala cha magalimoto onyamula katundu okha.

Ndiyambe ndi banja la ku Chiputula limene linatibwereka nyumba yawo yakuseri. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo ndi mmene tinagwirizanirana, kuti pofika kumapeto kwa Epulo tidzakhala titabweza makiyi. Epulo atatha ndinapita kwa bambo a panyumbapo ndi envulopu kuti tiyambe kulipira lendi, koma iwo anaikankhira m'manja mwanga nati, "Abusa, ndalamazi mukagulire ana majuzi, kuno Juni sachita chibwana." Patapita nthawi ndi pamene tinazindikira kuti mwana wawo wamwamuna, amene ntchito yake pa malo ena ogona alendo ku Nkhata Bay inatha chifukwa alendo akunja analeka kubwera, anali kugona pabalaza m'nyumba yaikulu, pomwe nyumba yakuseriyo anamangira iyeyo. Palibe anatiuza, ndipo mnyamatayo ankatipatsa moni m'mawa uliwonse ndi nkhope yowala. Bambo ndi mayi, komanso inu achimwene, mphasa imene munagonapo miyezi yonseyi ife sitidzaiiwala.

Nkhani ya chakudya ndiyo inandiphunzitsa kwambiri za mpingo umene unandituma. Mukukumbukira kuti boma litalengeza kuti kuyambira pa 18 Epulo anthu akhale m'nyumba kwa masiku 21, mavenda a muno mu Mzuzu anatuluka mumsewu kunena kuti njala iwapha matenda asanawapeze, ndipo khoti lalikulu linaimitsa lamulolo lisanayambe kugwira ntchito. Ambiri mwa anthu amene amapereka ndalama za utumiki wathu ndi omwewo, anthu amene ndiwo za madzulo zimachokera pa zimene agulitsa masana. Zopereka za Lamulungu zinatsika m'mipingo yonse, ndipo msungichuma wa komiti ya utumwi anatiuza moona mtima kuti thandizo lathu la pamwezi lichepa. Komabe foni ya akazi anga inkalira mauthenga a Airtel Money ndi Mpamba, K1,500 lero, K3,000 mkucha, nthawi zina kuchokera ku manambala amene sitinkawadziwa n'komwe. Mayi wina wogulitsa usipa mumsika waukulu ankatuma mdzukulu wake Lachisanu lililonse ndi kajumbo. Kunabwera ufa wa kondowole wochokera ku Nkhata Bay, mpunga wa Kilombero wochokera ku Karonga, nyemba, nthochi, ndi thumba la makala limene tinalipeza pakhomo m'mamawa wa Julayi chifunga chili tolo, osadziwa amene walitula. Ine ndinkaganiza kuti anthu amatithandiza chifukwa cha malipoti ndi zithunzi za ntchito zimene timaonetsa. Kwa chaka chathunthu ndinalibe lipoti lililonse loti ndipereke, koma dzanja lanu silinabwerere m'mbuyo.

Tikuthokozanso aphunzitsi opuma pa ntchito amene timayandikana nawo. Ana athu anayamba sukulu m'Chipwitikizi, ndipo Chingerezi chawo chinali chosakwanira kutsatira maphunziro a kuno. Mayi amenewa ankawakhazika pakhonde, aliyense pa mpando wake motalikirana, ndowa ya mpopi ndi sopo zili pamasitepe, n'kumawaphunzitsa kuwerenga ndi masamu masiku atatu pa mlungu, osalandira kanthu. Sukulu zitatsegulidwanso chakumapeto kwa chaka, ana athu analowa m'kalasi osachita manyazi, ndipo wamng'ono akubwerera ku Niassa akulankhula Chitumbuka chimene anatola kwa anzake.

Mu Ogasiti 2020 amayi anga ondibereka anatisiya, atadwala matenda a kuthamanga kwa magazi kwa zaka zambiri. Inali nthawi imene malamulo ankalola anthu 50 okha pa maliro. Kwa ife Amalawi lamulo limeneli linali lolemera kuposa onse, chifukwa maliro salirika ndi banja lokha, ndipo kuuza munthu amene wayenda kuchokera ku Luwinga kuti abwerere pa geti ndi chinthu chimene sindinaganizepo kuti ndidzachita. Akuluampingo anandichotsera mtolo umenewo, anaima okha pa geti ndi sanitayiza, n'kumapepesa anthu mwaulemu m'malo mwa banja. Amayi a mumpingo sanagone pa siwa monga mwa mwambo, koma anagawana maola, ena kubwera ena kupita, ndipo nsima ankaphikira m'makomo mwawo n'kubweretsa m'mabeseni ovundikira. Akwaya asanu okha anaima kunja kwa mpanda nayimba nyimbo zimene amayi ankazikonda, ndipo anthu oyandikana nafe ankavomera ali m'makonde mwawo. Adzukulu anagwira ntchito yawo ku manda a ku Zolozolo atavala zotchinga pakamwa, fumbi ndi thukuta zili thobu. Achibale ambiri a ku Kasungu analephera kubwera, ndipo malume anamvera mwambo wonse pa foni imene mlongo wanga anainyamula m'mwamba. Mtima wanga umawawabe ndikakumbukira kuchepa kwa anthu pa manda a mayi amene anapita pa maliro a anthu ambiri muno mumzinda. Koma ndiyenera kunenanso kuti chikhala kuti chipata chinali chotsegula, tikanabwerera mu Epulo, ndipo uthenga ukanandipeza kutali. M'malo mwake ndinakhala nawo miyezi isanu ndi umodzi yomaliza, ndinawawerengera Masalimo madzulo, ndipo anatsanzikana ndi adzukulu awo mmodzimmodzi.

Chakumapeto kwa chaka zinthu zinaoneka ngati zapepuka. Ndege zinayambanso kutera ku Lilongwe mu Seputembala, ndipo ife tinayamba kukonza zikalata kuti tinyamuke Khirisimasi ikangodutsa. Kenako kunabwera Januwale 2021, mwezi umene aliyense wa ife ali ndi dzina limene amalikumbukira. Pa 12 Januwale nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, ndipo Pulezidenti Lazarus Chakwera analengezanso kuti dziko lili pa ngozi. Mlungu womwewo ine ndinayamba kumva kuphwanya m'thupi, ndipo poyamba ndinkayesa malungo. Tsiku lachinayi chakudya chinaleka kukoma, fungo la sopo silinkamveka, ndipo usiku wa tsiku lachisanu ndi chimodzi ndinalephera kumaliza chiganizo popanda kupumira pakati.

Tikuthokoza m'bale woyendetsa takisi amene anabwera 2 koloko usiku akudziwa bwino chimene ndikudwala, natsegula mawindo onse, nanditengera kuchipatala osafunsa za malipiro. Ndinakhala m'chipinda cha odwala Covid-19 masiku 9, ndipo masiku asanu mwa amenewo ndinali pa mpweya wa okosijeni, pa nthawi imene masilinda ankasowa m'dziko lonse. Anamwino ndi madokotala amene anandisamalira nkhope zawo sindinazione, chifukwa anali atavala zodzitetezera kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo ndinkangowazindikira ndi mawu ndi kayendedwe. Panali namwino wina amene ankabwera pakati pa usiku kudzanditembenuza kuti ndigone chafufumimba, n'kumandiuza kuti, "Adada, pumani pang'onopang'ono, sindikuchoka." Ndinamva kuti iyeyo anali atasiya kugona kwawo poopa kupatsira ana ake. Bedi la kumanja kwanga linasintha anthu katatu pa masiku amenewo, ndipo si onse amene anatuluka akuyenda. Ndakhala ndikulalikira za imfa zaka zambiri, koma usiku umene ndinamva mnzanga wa pabedi loyandikana akuleka kupuma, pemphero langa linali la mawu awiri okha, ndipo ndinalibwereza mpaka kunacha. Kwa inu nonse ogwira ntchito zachipatala, pamodzi ndi okolopa ndi onyamula masilinda amene sayamikiridwa kawirikawiri, banja langa likugwada pansi kukuthokozani.

Pamene ine ndinali kuchipatala, akazi anga ndi ana anabindikira m'nyumba kwa masiku 14. Tinkamva kuti m'madera ena mabanja otere ankasalidwa, anthu kuwoloka msewu akawaona. Pa Chiputula sizinatero. Madzi ankatungidwa n'kusiyidwa pakhomo, phala la ana linkafika lili lotentha, ndipo achinyamata a mumpingo ankaimba foni madzulo aliwonse kupemphera ndi mwana wathu wamkulu, amene ankabisa mantha ake kuti asadandaulitse amayi ake. Kwa akazi anga, amene anasenza zonsezi ali okha m'nyumba, mawu anga ndawanena pamaso pawo, koma ndikufuna kuti nanunso mudziwe kuti banjali linaima chifukwa cha iwo.

Katemera wa AstraZeneca atafika m'dziko muno mu Malichi 2021, ine ndi akazi anga tinakabayitsa nthawi yathu itakwana. Ndikudziwa kuti pali abale ena, ngakhale mumpingo mwathu, amene akuopa chifukwa cha mauthenga a pa WhatsApp onena za 666. Ndimawalemekeza, koma monga mbusa amene wagonapo m'chipinda chija ndikunena mosabisa kuti sindinapeze paliponse m'Malemba pamene pakuletsa munthu kudziteteza ku matenda, ndipo ndikupempha akuluakulu onse kuti apite akabayitse.

Zikomo wina awoloke malire. Pochoka ku Niassa tinasiya kampingo ka anthu osakwana 40 m'manja mwa akulu awiri, tikuwauza kuti agwirizize miyezi itatu yokha. Kunena zoona, ndinali ndi nkhawa kuti tikachedwa kubwerera nkhosa zibalalika. Akuluwo anagawa mpingo m'timagulu ta m'makomo pamene misonkhano inali yoletsedwa, ankayenda pa njinga kukachezera odwala, ndipo mayi wina amene akazi anga ankamuphunzitsa kuwerenga ndiye tsopano akuwerengera anzake Mawu m'Chiyao. Nyumba yathu inasungidwa ndi mnansi wathu wachisilamu, bambo wachikulire amene sanalowepo m'tchalitchi mwathu. Mvula itasasula denga la khitchini iye anafolera ndi udzu wake, mbuzi zathu anaziphatikiza ndi zake, ndipo mwezi uliwonse ankabwereka foni kuti atiuze kuti zaswa zingati. Atamva kuti ndili m'chipatala anatumiza uthenga wakuti akundipempherera. Tikubwerera kumeneko tikudziwa kuti ntchito imene tinkaiyesa yathu inali ndi eni ake kale, ndipo gawo lathu tikalikambirana nawo mwatsopano.

Kwa mipingo isanu ndi inayi imene sitinafikeko, tikupepesa, ndipo lipoti lolembedwa talisiya kwa mlembi wa komiti ya utumwi kuti likufikeni. Loweruka tikayezetsa kuti tikhale ndi zikalata zofunika pa chipata, ndipo Lamulungu titsanzika pa mapemphero onse awiri a m'mawa, popeza mpingo ukupempherabe mogawikana. Tidzera njira ya kunyanja, ku Nkhata Bay, Nkhotakota ndi Salima, tikagone ku Mangochi, kuti Lachiwiri tikwere mapiri a Namwera ndi kuwoloka pa Chiponde. Tikupempha kuti musavutike kudzatiperekeza ku depoti, chifukwa matendawa sanathe. Amene mungathe, mukatiyendereko ku manda a amayi ku Zolozolo mvula ikayamba, chifukwa maluwa amene ana anabzalapo sanagwire bwino.